Gologolo ndi Chipewa cha Mkulu wa Asilikali

Padangokhala, nyama zikadali ndi boma lawolawo, m'kampu ya asilikali ya Pachulu mudali telala wina dzina lake Gologolo, ndipo telalayo adali ndi njala. Sindikunena njala yogona m'mimba muli pululu, ayi. Phala la madeya ankalandira m'mawa ndi madzulo monga msilikali aliyense. Yake idali njala yoipa ija ya munthu amene adalawako zokoma kamodzi, lilime n'kukana kuiwala.

Dziko limenelo poyamba linkalamulidwa ndi agalu a alenje ochokera kutsidya kwa mtsinje. Atatopa ndi nkhupakupa komanso madandaulo a eni nthaka, agaluwo adalongedza n'kubwerera kwawo, dziko n'kulandira ufulu wodzilamulira. Njovu adakhala mtsogoleri, nakamanga nyumba pamwamba pa phiri. M'kampu muja agalu adasiyamo ngolo ya matayala awiri ndi chipewa chobiriwira cha mkulu wa asilikali. Adasiyanso mwambo, ndipo nyama zidaugwiritsa ndi miyendo yonse inayi ngakhale padalibe wodziwa chiyambi chake. Mwambowo unkati mkulu wa asilikali ndi yekhayo amene chipewacho chamukwana pamutu, perete yense akuona. Tsiku lochoka pa udindo amakwezedwa pangolo, asilikali n'kumukoka ndi zingwe mpaka kunja kwa chipata, ndipo salowanso mpaka imfa. Chipata chikatsekedwa, m'pamene mapoto a phwando amavundukulidwa. Mbale yoyamba ndi ya telala, pakuti ndiye wakonza chipewa kuti chikwane mutu watsopano, ndipo pamwamba pa mbaleyo amapatsidwa dengu lodzaza mtedza.

Mbale imeneyo Gologolo adaidya kamodzi kokha, tsiku la ufulu, pamene Njati ankavala chipewa. Kuchokera pamenepo zidapita zaka zisanu ndi zinayi Njati ali chikhalire pampando, osakalamba, osalakwa, ngakhale chimfine osamugwira. Gologolo adasowa mtendere. Akakhala pa makina osokera, mchira uli gwedegwede. Akakwera mumtengo, atsika, akatsika, akweranso. Tsiku lina miyendo idamutengera kukhitchini kwa Sajeni Nungu, mayi amene ankaphikira kampu yonse.

"Achemwali, mapoto akuluakulu aja simuwatsukako? Achita dzimbiritu."

"Ndiwatsukire chiyani, a Telala? Aja ndi a phwando."

"Phwandolo ndi liti?"

"Kafunseni a Njati, ndiwo akhalira chivundikiro. Ndiye chotsani mchirawo pa lichero langa, mukundithira ubweya mu ufa."

Gologolo adachoka akuseka, koma mawu aja adapita nawo. Ngati Njati ndiye wakhalira chivundikiro, Njati adzuke basi.

Loweruka lililonse Njati ankatumiza chipewa kwa telala kuti achipukute fumbi. Loweruka limenelo Gologolo adachipinda pang'ono m'kati, n'kusoka ndi ulusi wobiriwira. Nsalu sadadule, adangopinda. Loweruka lotsatira adapindanso, linalo adapindanso. Mwezi usanathe, Njati adatulukira pakhonde pa telala maso ali psuu.

"Telala! Chipewachi wachitani?"

Gologolo adadumpha n'kupereka sawasha. "Ine, Bwana? Ndangochipukuta monga mwa masiku onse."

"Chikundithina. Mutu ukuchita kugunda ngati ng'oma."

"Chikukuthinani?" Gologolo adagwira pakamwa, nabwerera m'mbuyo pang'ono. "Ayi, palibe kanthu, Bwana. Mwina si zijazi."

"Ziti?"

"Musandikakamize, Bwana, ine ndine wamng'ono."

"Nena!"

"Nsalu ya agalu sichepa, Bwana. Zaka zonsezi mudaiona itachepa? Chipewa chikayamba kuthina, ndiye kuti mutu ukukula. Bwana womaliza wa agalu uja adayambanso chonchi, ndinkamuyeza ndekha ndi manja angawa. Tidamuuza kuti akapume, iye kukakamira pampando. Ndiye tsiku lina ali pa perete..." Gologolo adatukumula masaya, n'kuwamenya ndi manja. "Phuu! Tidatola makutu okha."

Njati sadali wopusa kwenikweni. Adalamula kuti amuyeze mutu ndi luzi, luzilo lipachikidwe pamsomali, adzayezenso Loweruka. Adalakwa pamodzi pokha: msomaliwo udali m'nyumba mwa telala, ndipo telalayo adali ndi mano. Loweruka litafika, luzi lidakana kukumana kumbuyo kwa nyanga. Njati adakwera phiri tsiku lomwelo kukapempha Njovu kuti amulole akapume kumudzi.

Madzulo ake Nang'omba, amene mawu ake ndiwo adali wailesi ya dzikolo, adatera pa mtengo wa mbendera. "Hu-hu! Hu-hu! Chilengezo chapadera! Bwana Njati apuma pa ntchito. Pampando akhalapo wachiwiri wawo, Bwana Nyalugwe!"

Ine Njati ndimamumvera chisoni mpaka lero. Adatumikira dziko bwinobwino, koma adatuluka pangolo atagwira mutu ndi ziboda zonse ziwiri, akupempha okoka kuti aziyenda pang'onopang'ono pa mabampu. Chipata chitatsekedwa, Nungu adavundukula mapoto. Kudali maungu, mapira, masuku, uchi ndi thobwa. Za nyama sindinena, popeza chilandirire ufulu kudyana kudaletsedwa, makamaka masana. Gologolo adadya mbale yoyamba misozi ili m'maso, dengu la mtedza ataliika pansi pa mpando kuti azilikhudza ndi phazi.

Dengu lidakhala miyezi iwiri, kenako psiti. Phala la madeya tsopano linkamuwawa kukhosi kuposa kale. Adayamba kumuzungulira bwana watsopano kufuna poyambira, ndipo sadavutike. Nyalugwe sankadutsa pa chithaphwi osaima kuti adziyang'ane.

"Bwana, ndinene kapena ndisanene?"

"Nena, koma usandigwire, manja akowo ali ndi mafuta a makina."

"Dzulo pa perete ndidamva asilikali atsopano akufunsana kuti mkulu wathu ndi uti."

Nyalugwe adaima nji. "Sandidziwa ine?"

"Vuto ndi mawanga anu okongolawa, Bwana. Nyota zinayi za paphewazi zikusochera m'menemo. Pa a Njati zinkaoneka chifukwa iwo aja adali bii ngati mphika."

"Ndiye tichite chiyani?"

"Tionjeze imodzi."

"Zisanu ndi za Mtsogoleri."

"Ndani amawerenga nyota, Bwana? Anthu amangoona kuwala."

Adaonjeza imodzi. Nyalugwe adakadziyang'ana pa chithaphwi, nabwera yekha kudzapempha ina, mawa lake inanso. Zitakwana zisanu ndi ziwiri, Gologolo adatenga singano ndi ulusi n'kukwera phiri, ati kukakonza malaya a Mtsogoleri.

Njovu adali ndi thupi lalikulu ndi makutu aakulu, koma mtima udali wa nkhuku imene yaona mthunzi wa mphamba. Chikhalire pampando sadagonepo tulo tokoma, nthawi zonse kuganiza kuti wina akuusirira. Gologolo adakwera pamsana pake, nayamba kusoka akuusa moyo.

"Wausiranji moyo?" adafunsa Njovu.

"Mundikhululukire, Olemekezeka. Nyota yanu imodzi yatsala pang'ono kuthothoka, koma ndilibe ina yoikapo. Zonse zidathera kwa a Nyalugwe."

"Ali nazo zingati?"

"Ine sukulu sindidapite nayo patali, Olemekezeka. Koma nditasoka yachisanu, m'manja mudatsala ziwiri, ndipo nazonso ndidasoka."

Makutu a Njovu adasiya kukupiza.

"Akutinso ndiwasokere khushoni yaikulu," Gologolo adapitiriza, ulusi uli pakamwa. "Ya mpando waukulu ndithu, ngati uwu mwakhalirawu. Mwina ndi ya alendo."

Gologolo asanatsike n'komwe phiri, Nang'omba adali atatera kale pa mtengo wa mbendera. "Hu-hu! Bwana Nyalugwe achotsedwa pa udindo kuyambira lero lomwe!" Nyalugwe adazimva ali choweramira pa chithaphwi. Mawa lake adakwera ngolo, mapoto adavundukulidwa, telala adalandira mbale yake ndi dengu lake.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada, koma Gologolo mwambi umenewo ankati ndi wa apusi. Adalowa Mvuu: adamusokera pilo wofewa, Mvuu n'kugonereza tsiku limene Njovu adabwera kudzayendera perete. Adalowa Nguluwe: adamuwaza chitedze m'chipewa, ndipo pamene Njovu ankadutsa, m'malo mopereka sawasha, Nguluwe ankadzikanda pa mtengo wa mbendera. Adalowa Mbidzi: Gologolo adangokafunsa kuphiri mwaulemu ngati munthu wosadziwika kuti ndi woyera kapena wakuda angadziwike mbali imene ali. Adalowa Fisi: ameneyu adangomusokera matumba akuluakulu pa malaya, zotsalazo Fisi adachita yekha. Adakhala masabata atatu.

M'kampu mudalibenso bata. Asilikali ankadzuka m'mawa n'kufunsana kuti, "Lero tikupereka sawasha kwa yani?" Bwana uyu ankati aziguba kuyamba ndi mwendo wamanzere, winayo wamanja, mpaka ena adayamba kungodumpha ndi yonse kuti asalakwe. Zithunzi za mabwana akale zidadzaza khoma la ofesi n'kutulukira pakhonde. Zingwe za ngolo zidaduka kawiri. Choipitsitsa chidali nkhokwe. Phwando limodzi linkadya chakudya cha mwezi wathunthu, choncho phala lija lidayamba kuchepa ndi kusungunuka, asilikali malamba akugwa m'chiuno. Yekhayo amene ankanenepa m'kampu monse adali telala.

Kenako adalowa Chiuli, bambo wamfupi, wosaseka, wachikopa cholimba choti njuchi zimangotayapo mbola. Dengu la Gologolo litatha, adapita kukamuyesa.

"Bwana, lero Loweruka. Chipewa chija ndikachipukute."

"Ndapukuta kale."

"Nanga nyota? Imodzi ikuoneka yotuwa."

"Nyota sizimenya nkhondo."

"Ndakusokerani kapilo kofewa, Bwana, ka thonje la chaka chino."

"Ndimatsamira mwala."

"Matumba a malaya anuwa akuoneka ochepa..."

"Telala, uli ndi ntchito kapena ndikupezere?"

Idapita miyezi isanu ndi umodzi mapoto ali chivundikirire. Gologolo ankazungulira nyumba yake mpaka padachita njira, mchira n'kuyamba kuthothoka ubweya ndi maganizo. Potsiriza adapeza chokanena kuphiri: munthu wokana pilo, wotsamira mwala, ndiye kuti akudzilimbitsa pokonzekera chinachake. Adadziwa kuti Njovu akangomva zimenezo sagona. Mtima udakhala pansi moti asananyamuke adachita chimene ankachita nthawi zonse, ndipo m'pamene adadzikola.

Atelala ali ndi khalidwe lawo, sakonda kuyeza munthu ntchito itafika kale pakhosi. Popeza Njovu nthawi zonse ankakweza wachiwiri, Gologolo ankayezeratu mutu wa wachiwiriyo bwana asanagwe. Tepi sankatenga, kuopa maso. Ankadumphira munthuyo paphewa ngati akumuchotsa kachitsotso, n'kumukulunga mchira kuzungulira mutu, basi muyeso watenga. Ankaganiza kuti palibe akuona. Koma windo la khitchini lidayang'ana kubwalo, ndipo Nungu adali ataziona kasanu konse. Kasanu konseko sabata sinkatha Nang'omba asanalengeze. M'mawa umenewo adaonanso mchira uja uli pamutu pa Nyani, wachiwiri wa Chiuli. Adaponya mthiko pansi, ulendo ku ofesi.

"Bwana, mukhululuke ndalowa ndi mapazi a ufa. Yambani kulongedza katundu."

"Wanena ndani?" adafunsa Chiuli.

"Mchira wa telala. Wayeza a Nyani m'mawa uno."

Adamufotokozera zonse, kuyambira pa Njati. Chiuli adamvetsera osaphethira, kenako adavala chipewa, awiriwo n'kudzera njira yachidule ya kuphiri.

Njovu atamva adanjenjemera mpaka mpando kulira. "Ndiye kuti amene amaika ndi kuchotsa akuluakulu a asilikali m'dziko muno si ine?"

"Inu mumangosaina, Olemekezeka," adatero Nungu.

"Ndimuponda! Ndimuponda afanane ndi chika cha mphasa!"

"Mumuponda pa mlandu wanji?" adafunsa Nungu. "Luzi lidatayidwa, chitedze chidachapidwa. Ndiponso mukamuponda, dziko lonse lidziwa kuti kagologolo kankakuyendetsani zaka zitatu. Ine ndikuti mumukweze. Lolemba avale chipewa, Lachiwiri akwere ngolo. Wotuluka pangolo salowanso, ndipo palibe adzafunse chifukwa, poti anthu adazolowera."

Njovu adayang'ana Chiuli. "Nanga iwe? Kuti iye avale, iwe utuluke."

"Ngolo sindikuiopa, Olemekezeka. Ming'oma yanga ya njuchi ikundidikira kumudzi. Bola kampu ipume."

Gologolo adali pakati pa phiri, akuyeseza m'mene akausire moyo, pamene mawu a Nang'omba adamupeza. "Hu-hu! Chilengezo chapadera! Bwana Chiuli apuma pa ntchito. Pampando akhalapo Bwana Gologolo!" Adaima. Adatsukuluza khutu ndi chala. Nang'omba adabwerezanso. Gologolo adagubuduka katatu, natsika phiri akupereka sawasha kwa mitengo. Iye, mwana wa m'mphako, mkulu wa asilikali! Akulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma amene akukondwa samva miyambi.

Limenelo lidali Lachisanu. Loweruka adalowa kukhitchini akuyenda mwachifatse, manja kumbuyo, ndipo adapeza Nungu akufulula thobwa m'migolo iwiri.

"Migolo iwiri, achemwali? M'nkhokwe mulibe kanthu, inu mukufulula iwiri?"

"Ndinu Bwana tsopano, musamalowe kukhitchini. Utsi ungakudetseni."

"Uwu ndi wa Lolemba. Nanga winawu ndi wa liti?"

Nungu adapitiriza kutakasa, koma minga yake yonse inkagwedera ndi kuseka. Gologolo adatuluka. Kuseri kwa nkhokwe adapeza asilikali awiri akupala kampando kakang'ono ka pangolo, koti Chiuli sangakwanemo ngakhale mwendo umodzi. Atamuona adakabisa kumbuyo n'kupereka sawasha ndi dzanja lolakwika.

Apa Gologolo adachita mantha enieni, thukuta mpaka kunsonga ya mchira. Kunja kwa chipata kudalibe phwando, kudalibe dengu, ngakhale phala la madeya lomwe ankalinyozalo. Adathamangira kunyumba, natuluka, nalowanso, nakwera padenga, natsika. Lamulungu masana msilikali adabweretsa chipewa kuti telala achikonze komaliza. Gologolo adachiika pathebulo, nachiyang'ana nthawi yaitali, kenako adayamba kumwetulira.

Zaka zonsezi chipewa chija adangochipinda ndi kuchimasula, sizasi sidachikhudzepo. Tsiku limenelo adatenga sizasi. Adadula mlomo wake, adadula m'mbali, adadula pamwamba, n'kusoka kachipewa kokwana mutu wake wokha, kakang'ono ngati chibade cha dzira la njiwa. Nsalu yotsala yonse adaiponya pa makala a simbi, nakupiza mpaka idasanduka phulusa.

Lolemba Chiuli adakwera ngolo osacheuka. Apa n'kuti Gologolo atavala kale kachipewa perete yense akuona, ndipo kadamukwana bwino lomwe. Mapoto atavundukulidwa adatambasula manja kuti alandire mbale yoyamba.

"Imeneyi ndi ya telala, Bwana," adatero Nungu, "ndipo lero kampu ilibe telala. Inu ndinu mkulu wa asilikali. Mkulu amadya asilikali ake onse atakhuta."

Asilikali anjala aja sadasiye kanthu. Bwana watsopano adanyambita chivundikiro.

Lachiwiri kutacha, Nang'omba adatera pamalo pake. "Hu-hu! Bwana Gologolo achotsedwa pa udindo kuyambira lero lomwe! Pampando akhalapo Bwana Nyani!" Njovu adatsika phiri kudzaonerera yekha. Ngolo idafika ndi kampando kake, zingwe zili zatsopano. Gologolo adayenda mwaulemu, navula kachipewa, napereka kwa Nyani ndi manja awiri.

Nyani adakaika pamutu, kadagwa. Adakatola, nakakanikiza, kadakhala pa khutu limodzi ngati duwa. Perete adayamba kutsokomola pofuna kubisa kuseka.

"Chimasuleni!" adakuwa Njovu.

"Mulibe pindo, Olemekezeka," adatero Gologolo. "Yang'anani nokha. M'pomwe chathera pamenepo."

"Wina ayese!"

Adayesa Njiri, kadakodwa pa njerewere. Adayesa Ntchefu, kadakhala pa nsonga ya nyanga. Adayesa Mphalapala, adayesa Gwape, adayesa ngakhale woimba lipenga. Dzuwa lidafika paliwombo mitu ikusinthana, kachipewa kakugwa ndi kutoledwa.

"Sokani china!"

"Asoke ndani, Olemekezeka? Telala mudamukweza. Ndiponso nsalu ya agalu idapita ndi agalu."

Njovu adatembenukira kwa akuluakulu osunga mwambo. Iwo adanong'onezana, napukusa mitu. Chipewa chosachokera kwa agalu si chipewa, adatero. Mkulu wa asilikali ndi amene chipewa chamukwana, ndipo wakale sakwera ngolo watsopano asanavale. Mwambo ndi mwambo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Gologolo adatola kachipewa kake, nakapukuta fumbi, nakavala, n'kukwera mtengo wa mbendera mpaka pamwamba. Adaseka kumeneko mpaka kugwira nthiti, ndipo asilikali onse, Nyani yemwe, adakakamizika kupereka sawasha akuyang'ana kumwamba. Njovu adabwerera kuphiri chitamba chikukwekwereza pansi.

Kuseka kudatha atatsika. Mgolo wachiwiri wa thobwa Nungu adaugawira asilikali ngati chakudya cha masiku onse, bwana n'kupeza masese. Mapoto akuluakulu adakwezedwa kudenga. Gologolo adakhala mu ofesi, mpando ukumumeza, n'kuyamba kuona bwinobwino chimene wadzisokera. Adali atatseka chipata kuti asatuluke, koma pamodzi ndi chipatacho adatsekanso mapoto. Phwando lidatsala limodzi lokha m'moyo wake, la tsiku limene iye adzatuluke, ndipo limenelo adzalimva fungo ali kunja kwa mpanda. Tsiku ndi tsiku ankaima kumapeto kwa mzere ndi mbale yake, kudikira kuti Mphalapala ndi Ntchefu akhute, iye n'kupala zotsala m'poto. Mtedza sadauonenso.

Adadzitonthoza kuti ngakhale zili choncho, mpando ndi wake mpaka ukalamba. Chitonthozo chimenecho chidakhala sabata imodzi. Lolemba lotsatira adamva phokoso kuchipata, nakwera pawindo kuti aone. Mzere udachokera pachipata mpaka kumtsinje: Mbewa, Mende, Sakhwi, Swiswiri, Changa, Mfuko ndi magalasi ake, ngakhale Buluzi. Onse adabwera kudzalembetsa usilikali, nyama zoti chilandirire ufulu sizidalotepo za kuguba. Nungu ankayenda mumzeremo ndi chipande, kuwagawira phala lowirikiza, akuwatchula kuti ana anga.

Gologolo adatsika kuti akawabweze. Swiswiri, amene adali patsogolo, adaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kupereka sawasha wokhota.

"Mwabwera kudzatani kuno, inu tizinthu?" adakalipa Gologolo.

"Kudzatumikira dziko, Bwana."

"Ndi timiyendo timeneti?"

"Miyendo idzakula, Bwana." Maso a Swiswiri sadali pankhope pa bwanayo, adali pamwamba pang'ono. "Koma chipewa chanucho n'chokongola zedi. Saizi yake ndi chiyani?"

Gologolo adagwira kachipewa ndi manja onse awiri. Adayang'ana mumzere muja ndipo adaona timitu, timitu, timitu, mpaka kumtsinje, tonse tofanana ndi kake. Mpando umene kale unkalimbiranidwa ndi nyama khumi zokha, iye mwini adali atautsegulira udzu wonse wa m'thengo.

Akuti adakhala paudindo nthawi yaitali kuposa mabwana onse amene adamutsogolera, koma sadakhutepo tsiku limodzi, ndipo sadakhalepo pansi kwa mphindi zokwana kusoka batani. N'chifukwa chake mukamuona gologolo mumtengo lero, ngakhale atatola kamtedza, sakadya mwamtendere. Aluma kamodzi, acheukira kumanja, acheukira kumanzere, athawira kuseri kwa nthambi, asuzumiranso. Musamuponye mwala, ndi bwana wamkulu ameneyo, akungoona ngati pali wina akumuyeza mutu. Nthano yanga ndaidula pamenepa, ulusi wandithera.